Misozi ya Seputembala: mmene sukulu ya mkaka inafikira mu Kanjedza

Sabata yoyamba ya teremu yoyamba, ukadutsa pa sukulu ya mkaka iliyonse mu Kanjedza cha m'ma 7 koloko m'mawa, ungayese ndi tsiku la katemera ku sikelo. Uyu wakakamira geti, uyo wagwira chitenje cha mayi ake ndi manja onse awiri, wina wangokhala phee pakona atakumbatira chikwama chachikulu kuposa msana wake, misozi ikutsika popanda mawu. Wakabaza amene wabweretsa ana atatu pa njinga imodzi akufuna ndalama yake azipita. Mayi akuyang'ana nthawi pa foni. Kenako anti amamunyamula mwanayo, geti n'kutsekedwa, ndipo mayi amachoka osacheuka chifukwa anachenjezedwa kale kuti akangocheuka basi, zonse ziyambiranso.

Masabata awiri kapena atatu oyambawa pamakhala makolo odandaula kuti kope la mwana likubwera loyera, ndiye ndalama zathu zikugwira ntchito yanji. Koma tayang'anani zimene mwanayo akuchita m'kalasimo. Akuphunzira kuti chikwama chake chili ndi msomali wake. Akuphunzira kuti kapu yofiira ija si yake ngakhale ikufanana ndi ya kunyumba. Akuphunzira kunena kuti akufuna kuchimbudzi nthawi ikadalipo, kuima pa mzere pa ndowa ya kampopi, kusamba m'manja ndi sopo, kusiyira mnzake katungwe osamuluma. Ena ndi kumene amamvera koyamba dzina lawo lenileni, pakuti kunyumba ndi Juni kapena Nana, pamene mu kaundula mwalembedwa dzina lalitali lomwe ngakhale mwiniwake salidziwa, moti anti amaitana katatu mwana ali pomwepo akungoyang'ana kudenga. Pa zonsezi palibe chimene chingalembedwe m'kope, koma popanda izi palibenso a e i o u amene angalowe.

Ife obadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 timaona ngati sukulu ya mkaka ndi gawo la moyo ngati kumera mano. Komatu agogo athu sanaiponde, ndipo makolo athu ambiri anangoyambira sitandade 1. Ndikawerenga mbiri yake, chimene chimandisangalatsa n'chakuti zimene zimachitika m'kachipinda kamodzi kaja pakati pa 7 koloko ndi 12 koloko sizinachokere kumodzi. Mzere ndi pemphero zili ndi kwawo, zidole ndi mchenga zili ndi kwawo, phala lili ndi kwawo, homuweki nayonso. Zinafika pa nthawi zosiyana, ndipo mpaka lero sizigwirizana bwinobwino.

Tiyambe ndi geti lija. Mayi akusiyiranji mwana wa zaka zitatu m'manja mwa munthu amene si mbale wake? Akupita ku ntchito, kapena ku geni mu msika wa Limbe. Ndi mmenenso sukulu zoterezi zinayambira kwa azungu. Pa 1 Januwale 1816, Robert Owen, amene ankayendetsa fakitale ya thonje ku New Lanark m'dziko la Scotland, anatsegula sukulu yolandira ana a antchito ake akangoyamba kuyenda. Tiana tating'onoto anatipereka m'manja mwa James Buchanan, munthu woluka nsalu, ndi mtsikana wina dzina lake Molly Young, ndipo anawauza kuti asamenye mwana, asamuopseze, komanso asavutitse ana ndi mabuku. Ana ankaimba, kuvina, kusewera panja ndi kucheza za zinthu zimene akuziona ndi maso. New Lanark ili m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndipo ukatsika ndi mtsinje womwewo umafika pa Blantyre woyamba uja, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Iyeyu mwayi wa kwa Owen sanaulawe. Ali ndi zaka 10 analowa ntchito mu fakitale ya thonje, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, sukulu n'kumalowa ataweruka. Mzinda wathu unatenga dzina la mudzi wa mwana wa mu fakitale ameneyu mu 1876, pamene a mishoni a Church of Scotland anakhazikika pamalo amene Henry Henderson anasankha.

Kuno kwathu, tauni isanabwere, funso loti mwana atsala ndi ndani silinkafunsidwa kawirikawiri. Mwana akasiya kuyamwa panali agogo, panali azakhali, panali achemwali omubereka kumbuyo. Ndipo ankaphunzira ndithu. Pa phada pali kuwerengetsera ndi kuphunzitsa diso kuti ligwirizane ndi dzanja. Pa masanje, nthawi yokolola ikatha, ana ankamanga timisasa, kugawana maudindo, kuphika tinsima m'timiphika, mwachidule kuyeserera moyo wa akulu. Madzulo panali nthano ndi zilapi, kumene mwana amaphunzira kumvetsera nkhani kuyambira poyamba mpaka pothera, kuvomereza pa nthawi yake, ndi kusewera ndi mawu. Sindikufuna kuzikometsa mopitirira, chifukwa mlezi uja nthawi zambiri anali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sukulu zitabwera ndi iyeyo amene ankatsala pakhomo kulera pamene alongo ake akupita kukaphunzira. Koma dongosolo linalipo, ndipo linkadalira chinthu chimodzi, kuti abale amakhala pamodzi.

Tauni ndi imene inathetsa zimenezo. Limbe inakula chifukwa cha njanji ndi fodya: Imperial Tobacco inamanga fakitale yake kumeneko mu 1908, ndipo likulu la njanji ya Shire Highlands Railway linakhazikika komweko. Mu 1956 Limbe ndi Blantyre anaziphatikiza kukhala tauni imodzi. M'mabuku a mbiri, dzina la Kanjedza limatuluka kwambiri pa nkhani ya 1959, pamene boma la atsamunda linalengeza State of Emergency pa 3 Malichi n'kutsekera anthu a Nyasaland African Congress, ambiri mwa iwo ku kampu ya Kanjedza. Koma Kanjedza amene ife timamudziwa ndi wa nyumba za Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1964, chaka cha ufulu. Nyumba zimenezi, ngati za ku Chitawira ndi ku Nkolokosa, zinamangidwira banja limodzi: bambo, mayi ndi ana, kabwalo kutsogolo, kadimba kumbuyo. Amene anajambula mapulani ake sanaganizire za kuka ya agogo. Mukhale kalaliki wochokera ku Rumphi, wapolisi wochokera ku Nsanje, namwino wochokera ku Ntcheu, aliyense abale ake ali kutali. Mayi akayamba ntchito ya uphunzitsi, ya unamwino kapena yotayipa makalata mu ofesi, njira inali kuitanitsa mtsikana kumudzi, kapena kupeza malo okasiyako mwana. Sukulu ya mkaka ya m'tauni inabadwa pamenepo, ndipo dzina lake lenilenilo likunena za msinkhu wa mwana amene mkamwa mukadanunkha mkaka, osati za mayeso.

Geti likatsekedwa, chinthu choyamba ndi mzere. Ana amaima kuyambira wamfupi, manja pa mapewa a mnzawo, kenako pemphero maso ali otsinzina mbali imodzi, kenako moni wa Chingerezi woyankha onse pamodzi mokoka mawu. Izi ndi za ku mishoni. Kuyambira pamene Robert Laws ndi anzake anafika ku Cape Maclear mu 1875, sukulu m'dziko muno zinali m'manja mwa mipingo kwa zaka 50, ndipo boma la atsamunda linadzatsegula dipatimenti ya maphunziro mu 1926. Sukulu ya kumudzi inali tchalitchi Lamlungu, kalasi mkati mwa sabata. Mphunzitsi mmodzi, tchati chimodzi cha zilembo, masileti ochepa, ena n'kumalemba ndi chala pa dothi. Pamene mabuku palibe, njira yachangu ndi yoti mphunzitsi anene, ana onse abwereze. Ba be bi bo bu. Makalasi oyamba ankatchedwa Sub A ndi Sub B, koma musawayese sukulu ya mkaka, chifukwa m'menemo munkakhala anyamata ndi atsikana a zaka 10 kapena 12 amene angopeza kumene mpata. Zikalata za kubadwa kunalibe, ndiye akuluakulu ambiri amakumbukira muyeso uja woti upitirize dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Likapanda kufika, bwerera kunyumba ukakule. Lero khutu siligwidwanso, koma njira ya Sub A ija, yonena ndi kubwereza, yatsika pang'onopang'ono mpaka yafika kwa mwana wa zaka zitatu amene dzanja lake silingafike n'komwe pakati pa mutu.

Mzere ukatha, pa sukulu imene ikudziwa ntchito yake, ana amamwazikana. Apa ndiye pamene ndimafuna kukhalitsa, chifukwa ndi gawo limene makolo ambiri amaliona ngati kutaya nthawi. Pakona ina pali beseni la zitsekerero za mabotolo, ndipo mwana akuika zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Sakudziwa, koma wayamba masamu, pakuti usanawerenge zinthu uyenera kuona kaye kuti izi n'zofanana, izi n'zosiyana. Wina akutunga mikanda kapena timapesi pa ulusi, wina akung'amba nyuzipepala yakale tizidutswa, wina akuumba ng'ombe ya dongo. Zala zimene zikugwira ntchito pamenepo ndi zomwe zidzagwire pensulo, ndipo minofu yake siikhwima ndi kukalipiridwa. Panja pali matayala akale okwiriridwa theka, pali mchenga ndi zitini, mwana akuthira mchenga kuchoka m'chitini chachikulu kupita m'chaching'ono n'kudabwa kuti watsala. Pakona ya masanje wina wabereka chidole cha nsanza, akuyankhula pa foni ya katoni ndi mawu enieni a mayi ake, moti anti akhoza kudziwa zonse za pakhomopo osafunsa. Aphunzitsi a kuno ali ndi dzina la luso logwiritsa ntchito zinthu zotolatolazi, amati TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi kuphunzira pogwiritsa ntchito zimene zikupezeka pamalopo.

Maganizo oti kusewera ndiko kuphunzira kwa mwana anawakonza bwino ndi Friedrich Fröbel wa ku Germany, amene mu 1840 anatcha sukulu yake ya ku Bad Blankenburg kuti Kindergarten, kutanthauza dimba la ana. Kwa iye mwana anali ngati mbewu, mphunzitsi ngati wosamalira dimba. Anapanga zoseweretsa zotsatizana bwino: timipira ta ulusi ta mitundumitundu, kenako mpira wa mtengo ndi kabokosi, kenako timatabwa tomangira, zomwe zidzukulu zake ndi mabuloko apulasitiki amene timagula mu Limbe lero. Boma la Prussia linaziopa sukuluzi, n'kuziletsa mu 1851 poziganizira kuti zikufalitsa maganizo oukira ndi osapembedza, ndipo Fröbel anamwalira chaka chotsatira chiletso chisanachotsedwe. Tangoganizani, boma lonse kuopa ana oimba mozungulira. Patapita zaka, mu 1907, Maria Montessori anatsegula nyumba yake ya ana ku San Lorenzo, dera la anthu osauka mu mzinda wa Rome, kumene ana ankatsala okha m'nyumba zogona makolo akapita ku ntchito. Timipando ndi timatebulo ta msinkhu wa mwana tija tinafala kwambiri chifukwa cha iyeyu. Dzina lake lero lili pa zikwangwani zambiri mu Blantyre, ngakhale pa sukulu zina zimene ana amakhala pa desiki maola atatu akukopera zilembo, zinthu zimene mayiyu akanazikana poyera.

Ku Malawi maganizo amenewa analowera m'tauni. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 timagulu ta ana tinayamba kukumana m'maholo a mipingo ndi a m'madera, ndipo mu 1970 panakhazikitsidwa bungwe la Association of Pre-school Playgroups in Malawi, lomwe pambuyo pake linasintha dzina kukhala Association of Early Childhood Development in Malawi. Bungweli ndi limene kwa nthawi yaitali lakhala likuphunzitsa alezi. Taonani mawu amene oyambitsawo anasankha: playgroups, magulu osewera. Sanati makoleji a ana, sanati academy. Ndipo boma litadzatenga nkhaniyi mwamphamvu, mawu a Chichewa amene anasankhidwa ndi akuti mmera mpoyamba, chithunzi chomwe chija cha Fröbel cha mbewu ndi dimba, koma chochokera m'mwambi wathu womwe.

Cha m'ma 10 koloko ndi nthawi ya chakudya, ndipo apa ndi pamene mbiri ya sukulu za mkaka imagawikana pawiri. Mu Kanjedza ana ambiri amatsegula timabokosi: uyu Kamba ndi Sobo, uyu mandasi, uyu mpunga wa dzulo ndi dzira, uyu mbatata. Sabata yoyamba anti amakhala ndi ntchito yoletsa kulandana ndi yoona amene sanabweretse kanthu kuti asangokhala akuyang'ana pakamwa pa anzake. Koma ukangotuluka pang'ono, kupita ku Bangwe, ku Chigumula kapena kumidzi ya ku Chiradzulu, chakudyacho ndi phala la mu mphika umodzi, ndipo kwa ana ambiri phalalo ndiye chifukwa chobwerera.

Sukulu za phalazi mbiri yake ndi ina. Zinayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene boma mothandizidwa ndi UNICEF linayesa malo osamalira ana oyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi m'maboma a Mzimba, Salima ndi Chikwawa. Nkhawa yaikulu nthawi imeneyo inali kunyentchera ndi imfa za ana. Kenako Edzi, imene inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, inayamba kutenga makolo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 agogo anadzazidwa ndi ana amasiye. Mankhwala aulere otalikitsa moyo anadzayamba mu 2004, ndiye pakati ponsepo midzi inkadzithandiza yokha. Malo aja, amene amatchedwa ma CBCC, anachuluka: pansi pa mtengo, mu tchalitchi, m'kachisakasa, amayi odzipereka akuphika phala la mgaiwa ndi nsinjiro kapena soya, mfumu itapereka munda. Kalembera wa mu 2007 anapeza malo otere opitirira 5,000. Likuni Phala, amene anatenga dzina la chipatala cha mishoni cha Likuni ku Lilongwe, ndi amene mabungwe ambiri amagawa, kuphatikizapo Mary's Meals yomwe inayamba mu 2002 ndi ana 200 m'Malawi muno. Woyambitsa wake, Magnus MacFarlane-Barrow, ndi wa ku Scotland. Dziko limenelija silitisiya.

Ndondomeko ya boma ya mmera mpoyamba inatuluka mu 2003, ndipo inaika ntchitoyi pansi pa unduna woona za amayi ndi ana, osati wa zamaphunziro. Zifukwa zake zikumveka, pakuti mwana wa zaka zitatu amafunika chakudya, katemera ndi chitetezo, osati zilembo zokha. Koma zotsatira zake n'zakuti kwa zaka zonsezi sukulu ya mkaka yakhala kunja kwa thumba limene limalipira aphunzitsi. Mphunzitsi wa sitandade 1 ali pa malipiro a boma, anapita ku koleji ya aphunzitsi, adzalandira penshoni. Mlezi wa ku CBCC nthawi zambiri ndi wongodzipereka, maphunziro ake ndi a masabata ochepa ngati anawapeza n'komwe, ndipo mvula ikagwa naye ali ndi munda wake wolima. M'tauni mpatawo unatsekedwa ndi anthu a bizinesi. Aliyense amene ali ndi galaja, mpanda ndi utoto wojambulira zilembo pa khoma akhoza kutsegula sukulu.

Apa ndi pamene homuweki imalowera. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinadumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chachikulu ndi chabwino, ana a anthu osauka analowa m'kalasi. Koma makalasi sanakwane, aphunzitsi zikwizikwi analembedwa ntchito asanaphunzitsidwe, ndipo sitandade 1 ya ana 100 kapena kupitirira inakhala chinthu chozolowereka. Makolo a m'madera ngati Kanjedza, amene anali ndi kangachepe, anayamba kuthawira ku sukulu zolipira, ndipo sukulu zolipirazo zinatsegula makalasi a pansi, baby class, middle class, reception, kuti zigwire mwana akadali wamng'ono. Ine ndinalowa imodzi mwa zimenezi cha m'ma 2000, m'nyumba ya munthu imene pabalaza anapasandutsa kalasi. Chimene ndimakumbukira ndi nyimbo za mlatho wa ku London ndi za nkhosa yakuda ya ubweya, zimene tinkaimba ndi mphamvu zathu zonse osadziwa liwu ndi limodzi lomwe.

Munthu akamalipira amafuna umboni. Mwana amene waphunzira kudikira mnzake kapena kufotokoza nkhani mwadongosolo alibe chimene angaonetse alendo pabalaza. Koma mwana wotchula masiku a sabata m'Chingerezi, miyezi khumi ndi iwiri, manambala mpaka 50, ameneyo amajambulidwa pa foni n'kuikidwa pa status ya WhatsApp. Mwini sukulu amadziwa zimenezi, amadziwanso kuti sukulu ina ili nyumba zinayi kuchokera pa yake. Ndiye pofika sabata yachitatu kope limayamba kubwera ndi mizere ya chilembo A yoti mwana akalembe kunyumba, ndipo tonse tikudziwa amene amalemba: mayi atagwira dzanja la mwana amene akusinza, kapena mchemwali wa sitandade 6 kuti nkhani ithe. Kumapeto kwa chaka kuli graduation, mikanjo ndi zipewa za makona anayi, ndalama ya keke ndi ya wojambula. Mwana woloweza manambala mpaka 50 uja ukamuuza kuti akupatse zitsekerero zisanu amakupatsa chikhatho chodzaza. Waloweza nyimbo ya manambala, koma tanthauzo la 5 likadali mu beseni lija limene analetsedwa kuseweramo.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chilankhulo. Mwana amafika pa geti ali ndi Chichewa cha zaka zitatu, chodzaza ndi mafunso, nthabwala ndi mabodza ang'onoang'ono okoma. Ena kunyumba amamvanso Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka. M'sukulu zina tsiku loyamba lomwelo amauzidwa kuti kuno sitilankhula Chichewa. Mwana amene amalira kale chifukwa cha mayi ake tsopano walandidwanso pakamwa. Amene anali wolongolola kunyumba amasanduka wachete, ndipo kuchetako kumalembedwa pa lipoti ngati khalidwe labwino. Nkhondo ya zilankhulo m'sukulu si ya lero. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zilankhulo za dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'makalasi. Makolo athu anaphunzira kuwerenga ndi buku la Sosa, Chingerezi n'kuchiyamba ndi Timve ndi Tsala. Mu 1996 unduna unalamula kuti sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi ngati chilankhulo chophunzitsira, ndipo mu 2014 nduna Lucius Kanyumba inalengeza kuti izi ziyambira sitandade 1. M'makalasi a boma Chichewa sichinachoke, chifukwa mphunzitsi sangalankhule yekha kwa ana 100 osamumva. Koma uthenga unafika kwa makolo.

Ndipo makolowo si opusa ayi. Amadziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE suiona, ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza bwanji. Amadziwa kuti pa intavyu ya ntchito munthu amayezedwa ndi mmene akutulutsira mawu asanafunsidwe n'komwe zimene akudziwa. Bambo amene anavutika ndi chizungu moyo wake wonse akamva mwana wake akumupempha madzi m'Chingerezi, chimwemwe chakecho sindingachinyoze. Chimene ndikukana ndi maganizo oti kuti Chingerezi chilowe, Chichewa chiyambe chatuluka. Mutu wa mwana si kapu. Komanso pa nkhani yowerenga, Chichewa ndi khomo losavuta, chifukwa chimalembedwa mmene chimamvekera: ukadziwa ma ndi ta ndi ko, mawu ambiri watha kuwerenga wekha, ndipo ukawawerenga ukuwamva. Chingerezi chilembo chimodzi chimamveka mitundu itatu. Mwana amene wazindikira chinsinsi cha kuwerenga m'chilankhulo chimene amalota nacho sachiphunziranso kachiwiri, amangochisamutsa. Anti amene m'mawa amafotokoza nthano ya kalulu m'Chichewa, ana akuvomereza ndi kutsutsa, kenako n'kuimbitsa kanyimbo ka Chingerezi akuloza mutu, mapewa ndi mawondo, akugwira ntchito yaikulu kuposa amene ali ndi chikwangwani choletsa Chichewa pa khomo. Vuto n'lakuti woyambayo ndi amene makolo amamuchotsera ana.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Ife tinkayamba chaka cha sukulu mu Januwale, mvula ili pakati, nsapato zili matope. Kuyambira 2010 chaka chimayamba mu Seputembala, kupatula chisokonezo chimene chinabwera sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Ndiye masabata oyamba a mwana amagwera m'nyengo ya fumbi, jakaranda akuyamba kuchita maluwa, kutentha kukukwera kulowera mu Okutobala. Pansi pa malata opanda siling'i, ikamakwana 11 koloko palibe chilembo chimene chingalowe m'mutu mwa munthu wa zaka zitatu. Anti wanzeru amayala mikeka, ana n'kugona mosanjikizana miyendo, wina chala chili mkamwa, mpaka akabaza ayambe kuliza mabelu pa geti.

Ana onsewa amadzakumana ali ndi zaka 6. Ena amapitirira ku sukulu zolipira, koma ambiri amalowa sitandade 1 ya boma, pa Kanjedza pomwepo kapena sukulu zoyandikana nazo. M'kalasi imeneyo mumakhala wa reception amene amadziwa kulemba dzina lake, wa ku CBCC amene amadziwa nyimbo ndi mzere wa phala, ndi wina amene sanakhalepo pa gulu la ana opitirira asanu, pensulo akuigwira ngati mthiko. Mphunzitsi ndi mmodzi, silabasi ndi imodzi, buku la National Reading Programme likuyembekeza kuti onse ayambe phunziro loyamba tsiku limodzi. Ntchito ija imene anti wa mu Kanjedza anaigwira ndi ana 20 kwa masabata atatu, yophunzitsa munthu kuyankha dzina lake, kupempha kupita panja ndi kukhala pansi osathawira kunyumba pa buleki, mayi ameneyu amayenera kuigwira ndi ana 100, choko chili m'manja, zilembo zikudikira pa bolodi.